Chiwala Aphunzira Kuima ndi Mwendo Umodzi

1. Phazi losamva

Dzina lakuti Chiwala anamupatsa ndi anzake a pa bwalo la mpira wa manja. Anali mtsikana wamfupi, wa miyendo yowonda, koma akati adumphe, mpira womwe aliyense ankayesa kuti wadutsa ankakaupeza m'mwamba momwemo. Ankasewera kumbuyo, kutchinga adani kuti asamwetse zigoli, ndipo pa sukulu yonse panalibe womuposa pa malo amenewo.

Dzinalo linakula mpaka linafika kunyumba. Ngakhale bambo ake, amene ankakonza njinga pa shedi ya malata kutsogolo kwa nyumba yawo, anaiwala dzina lomwe anamupatsa okha.

Vuto linayamba chaka cham'mbuyo. Pa masewero ena Chiwala anadumpha n'kutera pa phazi la mnzake. Phazi lake lamanzere linapindikira m'kati, kakolo n'kutupa ngati dzungu. Mayi ake anamuthowa, anamumanga nsalu, ndipo ululu utangochepa iye anabwerera pa bwalo.

Sipanapite nthawi, anabinyanso pomwepo. Kenako zinangosanduka za masiku onse. Kakolo ankagonja pothamanga, potembenuka, ngakhale potsika masitepe a kalasi. Chiwala ankangokhala pansi kanthawi, kusisita, n'kudzuka akuseka.

"Phazi langali ndi losamva," ankatero. "Lili ndi mutu wakewake."

Tsiku lina masana ankachokera kumpopi atasenza ndowa. Pofika pafupi ndi shedi anaponda kamwala. Phazi linapindika, ndowa inagwa, madzi n'kukhavulira masipanala ndi chubu chomwe bambo ake ankamata.

Bambo ake sanakalipe. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kumudzutsa.

"Waponda chiyani?"

Chiwala analoza pansi. Bambowo anatola kamwalako, n'kukayang'ana pa chikhatho chawo.

"Mwana wanga, munthu wogwetsedwa ndi mpira ndimamumvetsa. Koma wogwetsedwa ndi kamwala kochepa ngati nyemba, ameneyo ndi wodwala. Mawa sinditsegula shedi. Tikupita kuchipatala."

2. Dokotala wopanda jakisoni

M'mawa mwake anamukweza pa kaliyala ya njinga. Kuchipatala anamujambula mwendo n'kupeza kuti palibe fupa lothyoka. Atatero anawalozera chipinda cha kumapeto kwa khonde.

Chiwala ankayembekezera kuona mabotolo a mankhwala. M'malo mwake anaona zitsulo ziwiri zazitali zogwirira, galasi lalikulu pakhoma, mapilo olimba pansi, ndi malamba a labala atapachikidwa pa msomali. Pakati pa zitsulo zija agogo ena ankaphunziranso kuyenda, mwendo umodzi ukukhwekhwereza pansi.

Adokotala a m'chipindamo anali abambo a imvi, ovala malaya a manja aafupi.

"Ine ndine dokotala wopanda jakisoni," anatero. "Mankhwala anga ndi thukuta. Vula nsapato."

Anagwira phazilo, kulipinda uku ndi uku, kufunsa pomwe pakupweteka. Kenako anamuuza kuti aime ndi mwendo wamanja wokha, atsinzine. Chiwala anaima nji ngati mtengo.

"Tsopano wamanzere."

Atangotsinzina, thupi linayamba kugwedezeka, manja kupalasa mphepo. Bambo ake akanapanda kumuwakha akanagwera pa galasi.

Adokotala anamukhazika pa mpando, nawonso n'kukhala moyang'anizana naye.

"Tamvera, mwanawe. Mafupa a pakakolo amamangidwa ndi timitsempha, ngati mmene luzi limamangira mtolo wa nkhuni. Utabinya koyamba, timitsemphato tinakokeka. Ululu unatha msanga, koma mphamvu zinali zisanabwerere. Iwe unayesa kuti kutha kwa ululu ndiye kuchira. Achinyamata ambiri amalakwa pamenepa, si iwe wekha.

"Chachiwiri ndi ichi. Phazi labwino likaponda popendekeka limauza mutu nthawi yomweyo, ndipo minofu imalikoka lisanapindike. Phazi lakoli limanena mochedwa, iwe uli kale pansi. N'chifukwa chake wagwa utatsinzina. Maso ndi amene akhala akugwira ntchito ya phazi, koma pa bwalo maso amakhala pa mpira.

"Ukapitiriza chonchi, tsiku lina sudzabinya, udzathyoka. Ndipo ngakhale usathyoke, mfundo yomwe ikungopindika chaka ndi chaka imakalamba mwini wake asanakalambe. Ndaona anthu a msinkhu wa mayi ako akuyenda ngati agogo chifukwa cha mpira wa ku sukulu.

"Chosangalatsa n'chakuti phazi limaphunzira. Koma limaphunzira ngati mwana wa sitandade wani, kubwereza chinthu chomwecho lero, mawa, mkuja. Njira yachidule palibe. Mphunzitsi wake ukhala iwe."

Anamuonetsa zoti azichita. Kulemba zilembo m'mwamba ndi chala chachikulu cha kuphazi. Kukankha lamba wa labala ndi phazi, kunja ndi m'kati. Kunyanyamphira ndi zala n'kutsika pang'onopang'ono. Kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, kenako osagwira, kenako atatsinzina.

"Lamba ngati ameneyu kwathu kulibe," anatero Chiwala.

Bambo ake anagwira lambayo, kumukoka, n'kuseka.

"Adokotala, chubu cha njinga sichingagwire ntchito imeneyi?"

"Chingagwire, bola muchicheke chopyapyala poyamba kuti chisalimbe kwambiri."

Chiwala anavala nsapato. Ali pakhomo anatembenuka.

"Nanga mpira?"

"Mpira suwola. Tsiku lake ndidzakuuza ndine."

3. Kakowa wa pa shedi

Bambo ake anacheka chubu chakale n'kuchimangirira ku mwendo wa benchi ya pa shedi. M'mawa uliwonse asanapite ku sukulu, ndiponso masana akaweruka, Chiwala ankakhala pa katoni n'kumakoka chubucho ndi phazi mpaka mbali ya mwendo itatentha.

Zoima ndi mwendo umodzi ndizo zinabweretsa chipongwe. Shedi inali m'mbali mwa msewu, ndipo anthu odikira njinga zawo sankasowa chonena.

"Abwana, mwayamba kuweta akakowa?" anafunsa bambo wina wonyamula katundu pa njinga.

"Ameneyu ndi mlonda wanga watsopano," anayankha bambo ake, maso ali pa tcheni. "Amalondera ndi mwendo umodzi, winawo ukupuma."

Anthu anaseka, ndipo Chiwala anathawira kuseri kwa nyumba. Kumeneko anapeza mayi ake akutsuka mbale.

"Wathawa chiyani? Popeza ntchito yako ndi kuima, ima pompano. Mwendo umodzi pansi, manja awiri pa mbale. Tonse tipindule."

Kuyambira tsiku limenelo ankatsuka mbale ataima ndi mwendo wamanzere. Ankatsuka mano chimodzimodzi. Masiku oyamba anaphwanya kapu, mayi ake n'kunena kuti kapuyo ndi chopereka cha kuchipatala. Koma pakupita kwa masabata kugwedezeka kunachepa. Adokotala atamuonanso anamuwonjezera zina: kuima pa pilo, ndi kuwakha mpira ali pa mwendo umodzi. Bambo ake anamukhomera thabwa lokhala ndi kamtengo kozungulira pansi pake, loti akaimapo lizipendekeka, ndipo anapita nalo kuchipatala kuti adokotala alione asanaligwiritse ntchito.

Madzulo, ntchito ikachepa, bambowo ankamuponyera mpira, wina kumanja, wina kumanzere, wina m'mwamba.

"Ababa, mukuponya ngati mukutaya zinyalala."

"Adani ako pa bwalo adzakuponyera mwaulemu?"

Chomwe chinkamupweteka kuposa mwendo chinali ku sukulu. Timu ikamakonzekera, iye ankakhala pansi pa mtengo kusunga zikwama za anzake. Malo ake anapatsidwa kwa mtsikana wa kalasi yam'munsi, wamtali ndi woonda, amene onse ankamutchula kuti Nsingano. Nsingano anali wamanyazi, ndipo akalakwitsa ankayang'ana ku mtengo kuja ngati akupepesa. Chiwala ankayang'ana kumbali.

4. Mphatso ya Kaputeni

Tsiku lina mphunzitsi wa masewero, amene atsikana ankangomuti Madamu, anasonkhanitsa timu yonse.

"Loweruka likubwerali tikusewera ndi sukulu ya kutsidya kwa mlatho. Kudzabwera akuluakulu osankha atsikana oti akalowe timu ya achinyamata ya chigawo chonse. Aliyense akonzeke."

Atsikana anayamba kunong'onezana. Aliyense ankadziwa kuti mwendo ukanakhala bwino, woyamba kusankhidwa akanakhala Chiwala.

Lachitatu linali tsiku lake lokaonana ndi adokotala. Anaima atatsinzina osagwedezeka. Anaima pa thabwa, kuwakha mpira, kubweza. Adokotala anagwedeza mutu mokondwa, ndipo Chiwala anawauza za Loweruka.

"Tiye tione," anatero iwo. Anajambula mzere pansi ndi choko. "Udumphe ndi mwendo wamanzere kuwoloka mzerewu cham'mbali, ukatere ndi womwewo, uime osasuntha."

Chiwala anadumpha. Potera, kakolo anagwedezeka, kaululu kanamulasa, ndipo phazi lamanja linathamangira pansi kukathandiza. Anayesanso, zinali chimodzimodzi.

"Kuima wakhoza," anatero adokotala. "Kutera sunakhoze. Ndipo mpira wakowu ndi wa kudumpha ndi kutera basi. Watsala pang'ono, koma Loweruka ayi."

Mawa lake, pa nthawi yopuma, Kaputeni wa timu anamukokera kuseri kwa kalasi. Anali mtsikana wa chaka chomaliza, wolankhula mofulumira, ndipo ulendo umenewu unali mwayi wake wotsiriza woti asankhidwe.

"Adokotala ako ati chiyani?"

"Ati ndidikire."

"Madokotala amatero nthawi zonse. Iwowo adzakhala pa bwalo? Taona, Nsingano sangathane ndi womwetsa zigoli wa kutsidya uja. Tikagonja moipa, tonse tioneka ngati sitidziwa mpira. Ukuyenda bwinobwino iwe, ndani angadziwe?"

Anatulutsa m'thumba bandeji yatsopano ndi timapiritsi tokulunga m'pepala.

"Umange zolimba, umwe awa tisanayambe. Sudzamva kanthu. Madamu ukangowauza kuti uli bwino, sadzafunsa zambiri. Tsiku limodzi lokha, mnzanga. Ukatero ubwerere ku chubu chako."

Chiwala analandira. Masana omwewo Madamu atamufunsa za mwendo, anayankha kuti, "Ndikupezako bwino kwambiri." Madamu anamuuza kuti abwere ndi yunifomu, adzayambira pa benchi.

5. Gudumu lopindika

Lachisanu madzulo Chiwala anachapa nsapato zake zosewerera n'kuziyanika pa benchi ya pa shedi. Zitauma anabisa mapiritsi aja m'kati mwa imodzi. Bambo ake pofuna malo oika zida ananyamula nsapatozo, ndipo kapepala kaja kanagwa pansi.

Anamuitana. Atafika anawapeza atatembenuza njinga miyendo m'mwamba, akuzungulitsa gudumu lakumbuyo. Kapepalako kanali pa benchi, kotsegula.

"Khala pansi, mayi."

Chiwala anakhala pa katoni yake.

"Gudumu ili ndi la bambo uja amakutcha kakowa. Sipoko imodzi inamasuka kalekale. Ndinamuuza kuti asiye njinga kwa tsiku limodzi ndiikonze, iye anati ntchito yachuluka. Anaimanga ndi waya n'kumayenda. Sipoko imodzi ikamasuka, zinzake zimasenza katundu wake, nazonso zimayamba kuduka imodziimodzi. Taona mmene likuvinira. Limu lonse, chitsulo chozungulirachi, lapindika, ndipo njinga yomwe anakana kuisiya tsiku limodzi igona pano mpaka ndipeze lina.

"Komabe njinga ili ndi mwayi. Limu likapindika timapeza lina. Kakolo sagulitsa m'sitolo. Amene uli nayeyo ndi yemweyo, udzayenda naye pa ukwati wako, udzaberekera naye ana, udzapita naye kumaliro anga.

"Mapiritsi awa sindikudziwa wakupatsa ndani, ndipo sindikufunsa. Koma ululu ndi mlonda, mwana wanga. Ukamugonetsa mlonda, wakuba amalowa akuimba nyimbo. Udzadumpha osamva kanthu, ndipo udzadziwa kuti zaonongeka anthu atakunyamula.

"Ine sindikumanga ndi chingwe. Mawa ndili ndi njinga za anthu pano, sindidzakhala pa bwalo kuti ndikuletse. Wakula. Madamu ukhoza kuwanamiza, ine ukhoza kundinamiza, koma phazi silinamizika. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Anthu osankhawo ali ndi maso chaka chino, adzakhala nawonso chaka chamawa. Funso ndi lakuti iwe udzakhala ndi chowaonetsa kapena ayi."

Anapinda kapepala kaja n'kumubwezera m'manja.

"Tenga. Si zanga."

Chiwala anadzuka pa katoni paja. Anatenga nsapato ndi kapepalako n'kulowa m'nyumba.

6. Funso la Madamu

Loweruka bwalo linadzaza. Ana a sukulu zonse ziwiri anazungulira mizere, ena atakwera pa mpanda. Pansi pa mtengo anaikapo tebulo, ndipo pamenepo panakhala amayi awiri ndi abambo amodzi, osankha aja.

Chiwala anakhala pa benchi atavala yunifomu. Bandeji anali atamanga, mapiritsi ali m'sokosi, osamwa.

Masewero anayamba moipa. Womwetsa zigoli wa kutsidya anali wamtali ngati Nsingano koma wojintcha, ndipo ankamuzemba ngati akuzemba mtengo. Mpira uliwonse wopita kwa iye unkathera m'golo. Ana a sukulu ya Chiwala anayamba kuimba dzina lake, kumuitana kuti alowe.

Chigawo chachitatu cha masewerowo chitatha, timu inabwera ku benchi ikupuma wefuwefu. Nsingano anali atagwetsa nkhope. Madamu anayang'ana Chiwala, n'kuyang'ana bandeji.

"Chiwala, ndikufuna ndikulowetse. Koma undiyankhe bwino. Adokotala anakulola kudumpha?"

"Anamulola, Madamu," anayankha Kaputeni msangamsanga.

"Sindikufunsa iwe."

Atsikana onse anatembenukira kwa Chiwala. Kuseri kwawo dzina lake linkamvekabe. Chiwala anayang'ana ku tebulo kuja, n'kuona mayi mmodzi wa osankhawo ataimirira chapafupi, akumwa madzi. Chiwala anaimirira, n'kuponda ndi phazi lamanzere. Silinkapweteka ngakhale pang'ono.

"Ayi, Madamu," anatero. "Sanandilole. Kuima ndikuima, koma kutera sindinakhoze. Lachinayi lija sindinakuuzeni zonse. Pepani."

Kaputeni anamenya botolo la madzi pansi n'kuchokapo.

Madamu anapumira m'mwamba.

"Ukananama ndikanakulowetsa, ndipo ukanavulala ndikanasowa mawu okauza makolo ako. Atsikana nonse mumve. Masewero timagonja lero, mawa timapambana. Mwana wa munthu akalumala m'manja mwanga, palibe chikho chingandipukute misozi. Nsingano, ubwereramo."

Nsingano anadzuka ngati wopita kukalandira chilango. Chiwala anamugwira dzanja. Aka kanali koyamba kumulankhula chilowereni m'malo mwake.

"Tamvera. Ndakhala ndikumuyang'ana wamtali uja. Asanalandire mpira amayamba wanamizira kumanja, kenako amabwerera kumanzere. Iwe ukumatsatira bodza lakelo. Usamutsatire. Umudikire kumanzere, manja m'mwamba. Ndiwe wamtali kuposa ine, sufunika n'kudumpha kwambiri."

Wezulo inalira. Mpira woyamba wopita kwa wamtali uja unathera m'manja mwa Nsingano. Wachiwiri anaugunda n'kuutulutsa kunja. Bwalo linasintha nyimbo, ndipo Chiwala anapezeka ataimirira pa mzere, akukuwa mpaka mawu kusasa. Zigoli zinayamba kuyandikana, koma nthawi inatha asanawapeze. Anagonja ndi zigoli ziwiri.

Osankha aja anawerenga maina. Pa sukulu yawo anatenga Nsingano yekha. Kaputeni anadutsa pafupi ndi Chiwala osamuyang'ana, ndipo Chiwala anamutsatira n'kumuika kapepala kaja m'dzanja mwakachetechete.

Akumasula bandeji, mayi uja ankamwa madzi anaima patsogolo pake.

"Ndiwe Chiwala? Tinamva za kudumpha kwako, ndipo ndamva zomwe wayankha mphunzitsi wako. Ife sitisankha kamodzi. Tikadzabweranso ndikufuna ndidzakupeze ndi miyendo iwiri."

Chiwala anathokoza mwaulemu. Koma panjira yopita kwawo analira, misozi yeniyeni, mpaka anafika pa shedi maso ali psuu.

Bambo ake anayang'ana nsapato zake. Zinali zoyera ngati mmene anazichapira. Anapukuta manja, anakankhira thabwa lija pakati pa shedi ndi phazi, n'kutola mpira.

"Kwera. Lero ndikuponyera mwaulemu."

7. Mlendo pa shedi

Masabata otsatira anali a kudumpha. Adokotala anamuyambitsa ndi miyendo iwiri, kenako umodzi, kutsogolo, cham'mbali, kumbuyo. Bambo ake anajambula mizere pa dothi ndi sipoko yakale. Bambo wa katundu uja atabwera kudzatenga njinga yake anaima n'kuyang'ana.

"Abwana, kakowa wanu uja wasanduka chule?"

Ulendo uno Chiwala sanathawe. Anaseka nawo, n'kudumphanso.

Tsiku lina m'chipinda chija anawoloka mzere wa choko, n'kutera, n'kuima nji. Anabwereza kangapo, phazi lamanja lili m'mwamba. Agogo aja, amene tsopano ankayenda ndi ndodo yokha, anamuombera m'manja.

"Wakhoza," anatero adokotala. "Uyambe kuthamanga mowongoka, kenako mokhotakhota. Ukakonzekere ndi anzako pang'onopang'ono, osati masewero athunthu tsiku loyamba. Ndipo chubu chija ndi thabwa usazitaye. Wophunzira amene anavutapo salekereredwa. Ukamusiya amaiwala."

Chiwala anafika kunyumba masana akuimba. Bambo ake anali atapita kukagula zida, n'kumusiyira shedi kuti ayang'anire. Akusesa, anamva munthu akuodira motsitsa mawu. Anali Nsingano, atavala masokosi aatali ngakhale kunkatentha.

"Lowa, mlendo wa chigawo. Mukunyamuka liti?"

"Lolemba."

Nsingano anayang'ana ku msewu, n'kukhala pansi kuseri kwa benchi. Anavula nsapato yamanja, n'kutsitsa sokosi pang'onopang'ono. Kakolo anali atatupa, mbali yake itada bii.

"Zachitika liti?"

"Dzana. Ndimakonzekera ndekha kunyumba, ndinatera pa njerwa. Palibe akudziwa, ngakhale amayi. Achemwali, ndiphunzitseni zomwe mumachita zija, za chubu ndi thabwa. Ndichita usana ndi usiku."

"Zimenezo sizichiritsa pofika Lolemba. Ndipo phazi lotupa chonchi liyambe laonedwa kuchipatala."

"Ndikapita kuchipatala Madamu amva. Akamva andichotsa, atumiza wina. Kwathu palibe anakwerapo basi chifukwa cha mpira, abale onse auzidwa kale." Anamugwira mkono, misozi ili m'maso. "Munandithandiza tsiku lija. Lonjezani kuti simuuza munthu."

Chiwala anayang'ana phazilo, n'kuyang'ana nkhope ya mnzakeyo. Asanatsegule pakamwa, kunja kunamveka belu la njinga ndi kukhwekhwereza kwa tayala lophwa.

"Odi pano. Amisiri alipo?"

Nsingano anakokera sokosi m'mwamba, koma inakanirira pa chotupa. Madamu anali atalowetsa kale gudumu lakutsogolo mu shedi. Anayang'ana Chiwala ndi tsache lake, n'kuyang'ana mutu wa Nsingano womwe unkaonekera pamwamba pa benchi.

"Atsikana inu," anatero, "mukubisa chiyani kuseriko?"